Mbali Iti ya Sikelo?

M'midzi yozungulira minda ya tiyi ku Thyolo mwabuka mtundu wina wa achinyamata umene akuluakulu sadaupezerebe dzina. Ena amangoti ndi ana a mafoni. Mudzawapeza pa Bvumbwe, pa Luchenza, pa Goliati ngakhale pa Makwasa, ataunjikana pakhonde la kasitolo kotchajitsa mafoni, maso onse ali pa kagalasi kamodzi. Amadziwa kuti mwezi wa September ndi umene kampani ya Apple imakonda kuonetsa iPhone yatsopano. Amadziwa kusiyana kwa Samsung ya chaka chino ndi ya chaka chatha. Amakangana mpaka thukuta za makamera a mafoni amene wothyola tiyi sangawagule ngakhale atasunga malipiro ake onse a chaka. Eni akewo m'thumba muli ka itel kong'aluka galasi, kapena Tecno yogula kwa mnzawo wobwera ku Joni.

Anthu amawaseka, ndipo nthawi zina kusekako kumakhala ndi mutu. Koma m'gulu lotere mumatuluka mmodzi amene amatopa nako kusirira. Ameneyo amayamba kufunsa kuti zimene zimachitika munthu akadina pagalasi adazikonza ndani, ndipo adazikonza bwanji. Akamva kuti timapulogalamu ta m'foni, timene eni ake amati ma app, amatilemba ndi anthu a mitu ngati wake womwewo, tulo timatha. Amayamba kudzimana chiwaya kuti agule bandulo yoonera maphunziro usiku. Nkhani yanga ili pa mwana ameneyu. Kodi akuchita bwino? Nanga akadzalidziwa lusoli, adzakhala ndi mangawa kwa yani?

Tiyambe ndi mlandu umene makolo ake amamuimba, chifukwa si wopepuka. Mayi amene wadzuka m'bandakucha, wayenda m'mame dengu lili kumsana, wathyola nsonga za tiyi mpaka zala kuchita dzanzi, ali ndi ufulu wonse wofunsa kuti ndalama ya bandulo ikubala chiyani. Ndalama imeneyo ikadagula mchere, sopo kapena usipa. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Kwa mayiyu, fodya wa pamphuno ndi ukalipentala, utelala, ngakhale ganyu ya kumunda, zinthu zimene phindu lake limaoneka dzuwa lisanalowe. Za ma app ndi mphepo chabe. Munthu amene sadagonepo ndi njala asafulumire kunena kuti mayiyu ndi wotsalira.

Ndiponso mayiyu akuona chinthu chimene mwana wake sakuchiona. Nkhani zambiri za mafoni atsopano ndi malonda ovala jekete ya utolankhani. Ntchito yake ndi kukuchititsa manyazi ndi chimene chili m'manja mwako. Foni imene dzulo inkakusangalatsa, lero ukaonera kanema wa munthu wa ku California akumasula bokosi, imasanduka chibaluwa. Kwa munthu wa ndalama matendawa amachizika msanga, amangolowa m'sitolo. Kwa mwana wa m'makomboni a pa esiteti matendawa alibe mankhwala, ndiye amalowerera m'kati. Amayamba ndi kunyansidwa ndi foni yake, kenaka nyumba ya kwawo, kenaka ntchito ya amayi ake. Ndaonapo achinyamata odziwa dzina la mkulu wa kampani ya Google koma osadziwa kuti kilogalamu ya tiyi wamuwisi akugula zingati pa msika wa pafupi ndi kwawo. Kumeneko si kuphunzira, ndi kusochera uli pakhomo.

Komabe khomo limene kusirira kumalowera ndi lomwelo limene chidwi chimalowera. Ziwirizi zimafanana nkhope ngati mapasa, koma zimasiyana funso. Wosirira amafunsa kuti, "Ndidzachipeza liti?" Wachidwi amafunsa kuti, "Chimayenda bwanji?" William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, adaona chithunzi cha makina opukusidwa ndi mphepo pa chikuto cha buku la mulaibulale. Chithunzicho chidali cha kudziko la eni, monga momwe alili mafoni amene ana a pa Goliati amaonera. Akadangochisirira, bwenzi nkhani itathera pomwepo. Iye adapita kudzala kukatola zitsulo. Choncho sindingamuuze mwana kuti atseke maso ake ku nkhani za kunja. Ndingomuuza kuti adziyese yekha: pakatha mwezi akutsatira nkhanizo, kodi chimene chakula mwa iye ndi mafunso kapena ndi nsanje?

Njira yophunzirira lusoli ku Thyolo ndi yaminga, ndipo tisanamizane. Android Studio, pulogalamu imene ambiri amalembera ma app a mafoni a Android, imafuna kompyuta yamphamvu, ya RAM yosachepera 8 GB. Kompyutayo imafuna magetsi, ndipo amene adaona mdima umene udagwa namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022 akudziwa kuti magetsi athu ndi mlendo. Kuti munthu aike app yake pa Google Play amalipira madola 25 kamodzi, pomwe Apple imafuna madola 99 chaka chilichonse. Ndalamazi amalipira m'madola, m'dziko limene kwacha idagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu November 2023. Maphunziro ake ambiri ali m'Chingerezi. Sukulu ya ukachenjede ya MUST, imene idatsegulidwa ku Ndata mu 2014, ili m'boma lomweli, koma chipata chake ndi chopapatiza. Amene amapirira zonsezi, wina pa laputopu yobwereka, wina pa kafoni kake komweko, ndi munthu wouma mutu mwa mtundu wabwino. Ameneyo sindikumudera nkhawa ngati adzaphunzire. Nkhawa yanga ili pa mpando umene adzakhalepo akadzatha kuphunzira.

Mpandowo si watsopano. Tiyi adayamba kulimidwa ngati malonda ku Mulanje mu 1891, kenaka adafalikira ku Thyolo, kumene Maclean Kay adakhazikitsa Satemwa mu 1923. Manja ambiri amene adaswa mphanje m'mapiri amenewa adali a Alomwe, amene ankaoloka malire kuthawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique. Ankapatsidwa malo okhala pa minda ya azungu, malipiro a malowo n'kukhala thangata. Mawu akuti thangata kwathu adali okoma, otanthauza kuthandizana kulima pakati pa anansi. Pa esiteti adasanduka goli, ndipo golilo lidachotsedwa ndi lamulo mu 1962. Pakati pa mwini munda ndi wolima pankaima anthu awiri a khungu lakuda: kapitawo, wogawa mgwazo, ndi kalaliki, wochonga tikiti. Kalaliki adali mwana wa m'mudzi momwemo amene adapita kusukulu ya mishoni n'kudziwa luso lamakono la nthawi imeneyo, luso la pensulo ndi kaundula.

Taganizani mphamvu imene idali pa nsonga ya pensuloyo. Ku minda ya A. L. Bruce ku Magomero, kumene kunkalimidwa thonje ndi fodya, amodzi mwa madandaulo amene adamveka nthawi ya kuukira kwa John Chilembwe mu January 1915 adali okhudza kawerengedwe ka masiku. Munthu akapanda kumaliza mgwazo, tsikulo silinkachongedwa, ndipo mwezi wa thangata unkatalika kuposa mwezi wa kumwamba. Chikoti chinkapweteka thupi, koma chimene chinkadya moyo wa munthu pang'onopang'ono chidali kachizindikiro kosalembedwa pa tikiti. Wolima sankatha kuwerenga kaundula. Ankangodziwa mumtima kuti wabedwa, umboni alibe. Kalaliki yekha ndiye ankaona mbali zonse ziwiri, ndipo tsiku lililonse ankasankha kuti pensulo yake itumikire yani. Adalipo makalaliki achilungamo, adaliponso odyera masuku pamutu abale awo. Onsewo adaphunzira sukulu imodzi.

Mwana wa ku Thyolo amene lero akuphunzira Kotlin kapena Java ndi mdzukulu wa kalaliki ameneyo, afune asafune. Akadzafuna ntchito pafupi ndi kwawo, kodi adzalembedwa kuti apange chiyani? Masewera a pafoni ali kale mbwee kuchokera kunja. Chimene mafakitale, mabungwe a alimi ndi ogula mbewu amafuna ndi kaundula: pulogalamu yolemba kulemera kwa masamba, yowerengera masiku, yodula ngongole ya feteleza, yotumiza malipiro. Kayendedwe kake n'kosavuta kufotokoza. Dengu likapachikidwa pa sikelo yamakono, sikeloyo imatumiza nambala ku foni ya woyeza, foniyo imalumikiza nambalayo ndi dzina la wothyola, kenaka zonse zimapita ku kompyuta ya ku ofesi kumene malipiro amawerengeredwa. Pensulo yachoka, koma malo ake alipo, ndipo pamalopo pakhala mizere ya malamulo imene munthu wina adailemba ali phee m'chipinda.

M'mizere imeneyo muli ziganizo zimene zimaoneka zazing'ono. Sikelo ikaonetsa makilogalamu 12.7, pulogalamu ilembe 12, 13 kapena 12.7 yemweyo? Mvula ikagwa, masamba n'kunyowa, adule makilogalamu angati, ndipo woganiza kuti lero masamba anyowa ndani? Kulemera kwa dengu kuchotsedwe kochuluka bwanji? Munthu wa ku ofesi akasintha nambala usiku, kodi pulogalamu isunge chizindikiro choti nambalayi idasinthidwa, ndi dzina la woisintha? Nanga wothyola alandire uthenga pafoni pake nthawi yomweyo womuuza zimene zalembedwa, kapena adikire tsiku la malipiro? Tingoyerekeza masamu a funso loyambalo. Pulogalamu ikamataya zapamwamba nthawi zonse, munthu amaluza pafupifupi theka la kilogalamu pa kuyeza kulikonse. Akayezetsa katatu patsiku kwa masiku 26, pamwezi ataya makilogalamu 39, popanda aliyense womukalipira kapena kumutukwana. Muchulukitse ndi anthu onse a pamunda. Mzere wochita zimenezi ndi waufupi kuposa dzina la munthu.

Apa ndi pamene kalaliki watsopano amaposa agogo ake pa kuopsa. Kalaliki wakale ankaoneka. Unkatha kukangana naye, kumudandaulira, kukamuneneza kwa amfumu. Ankakumana ndi anthu amene wawabera kumaliro, kutchalitchi ndi kumowa, ndipo manyazi ankamugwira dzanja. Ankabera munthu mmodzi panthawi imodzi, n'kumaopanso kugwidwa. Pulogalamu ilibe nkhope, sipita kumaliro, ndipo cholakwa chake imachibwereza kwa aliyense tsiku lililonse mosatopa. Choipitsitsa n'chakuti anthufe timaopa makina. Woyeza akangoti, "Ndi makina atero, mayi," mkangano watha. Sikelo yachitsulo ya wogula mbewu a Malawi Bureau of Standards amatha kuiyesa ndi miyala yawo, n'kuilanda ikapezeka yabodza. Chinyengo chokhala m'mizere ya pulogalamu sichioneka pa mbedza ya sikelo, chifukwa sikeloyo imanena zoona, bodza limalowa nambala ili m'njira.

Wina adzati, "Ine ndine waganyu chabe. Wosula mpeni saimbidwa mlandu wina akabaya nawo mnzake." Zoona, wosula mpeni sadziwa kumene mpeniwo ukupita. Koma amene wauzidwa kuti asule sikelo ya nkhope ziwiri, ina yoonetsa wogulitsa ina yoonetsa bwana, akudziwa bwino ntchito ya chimene akusula. Ndipo kawirikawiri sipakhala ngakhale lamulo lochokera kwa bwana. Bwana amangoti akufuna pulogalamu yolemba makilogalamu, basi. Zoti wothyola azilandira uthenga, zoti kusintha nambala kuzisiya phazi, zimatengera ngati wolemba pulogalamuyo adazikumbukira ndi kuzinena pamsonkhano. Tchimo la kalaliki wamakono nthawi zambiri ndi kuiwala. Amapangira amene akumulipira, n'kuiwala amene akuyezedwa.

Sindikunena kuti eni minda ndi afiti. Kaundula wachilungamo amatetezanso iwo, chifukwa amathetsa maina a anthu osaoneka pa mndandanda wa malipiro ndi makilogalamu ongopeka pakati pa woyeza ndi mnzake. Minda imeneyi imalemba ntchito anthu zikwizikwi m'boma limene kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 700,000 atapanikizana pa malo ochepa, ndipo itagwa lero kulira kwake kungamveke mpaka ku Thekerani. Koma luso lamakono likafika pamunda silifunsa kuti akulira ndani. Ku Kericho m'dziko la Kenya, mu May 2023, anthu okwiya adatentha makina othyolera tiyi chifukwa ankaona kuti akuwalanda ntchito. Amene adakonza makinawo adachita bwino ntchito yawo monga mwa sukulu. Funso la anthu a madengu silidali pa pepala lawo.

Ndiye mwina phindu lalikulu la mwana wa ku Thyolo pa ntchitoyi si nzeru zoposa za anzake a ku Bangalore kapena ku Nairobi. Phindu lake ndi lakuti iye sangaiwale msanga, chifukwa woyezedwayo ndi mayi ake. Amadziwa kuti mlimi wamng'ono wa tiyi sangakanize masamba ake kudikira mtengo wabwino monga amachitira wa chimanga, poti tiyi akathyoledwa amayenera kufika kufakitale tsiku lomwelo asanapse m'matumba. Amadziwa kuti netiweki imathawa m'zigwa, choncho pulogalamu yofuna intaneti nthawi zonse ndi yachabe. Amadziwa kuti zala zothyola tiyi n'zokakala, kuti padzuwa galasi la foni silioneka bwino, kuti azakhali ake amamva Chichewa ndi Chilomwe koma "submit" sakumudziwa. Zimenezi sadzaziphunzira pa YouTube. Adaziphunzira akupereka phala kumunda.

Pamenepa nkhani za mafoni atsopano zija zimatha kumusokeretsa kachiwiri, ngakhale atakhala wachidwi. Zimamuphunzitsa kupangira foni ya chaka chino, pamene anthu ake ali ndi kafoni ka mabatani ka zaka zisanu zapitazo. Taonani zinthu za pafoni zimene zidasinthadi moyo wa kumudzi m'dziko muno. Airtel Money idayamba mu 2012, TNM Mpamba mu 2013, ndipo zonsezi zimayenda pa kafoni kalikonse pongoimba timanambala toyamba ndi nyenyezi. Chipatala Cha Pa Foni chidayamba ku Balaka mu 2011 kuchokera ku maganizo a Amalawi awiri, Soyapi Mumba ndi Clement Mwazambumba, ndipo chida chake chachikulu ndi mawu a munthu pa nambala yaulere. Palibe chilichonse mwa izi chimene chikadatchuka pa mapulogalamu oonetsa zipangizo zonyezimira. Ndiponso app ya Android sifunika kudzera pa Google Play kuti ifike kwa anthu. Imatha kuyenda kuchoka pa foni kupita pa foni monga zimayendera nyimbo pamsika, ndipo madola 25 aja n'kusakhalanso chotchinga.

Nanga akaphunzira n'kuthawa? Ambiri adzaterodi. Adzapita ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Johannesburg, kapena adzakhala pakhomo n'kumalembera makampani a kunja amene sadzawaona ndi maso. Ine sindingawaponye mwala. Thyolo yemweyu adamangidwa ndi anthu othawa kwawo, ndipo agogo athu ankakwera ndege za Wenela kukakumba golide wa eni. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Kungoti zimandikumbutsa ulendo wa tiyi wathu, amene amachoka ku okushoni ya ku Limbe m'matumba akuluakulu, n'kukasakanizidwa ndi kupakidwa ku Britain kapena ku South Africa pansi pa maina a eni. Tidzakhala tikutumiza ana athu monga timatumizira masamba. Koma ngakhale wopitayo sadzauthawa mpando wa kalaliki. Kulikonse kumene adzalembe pulogalamu yowerengera maola a woyendetsa njinga yamoto kapena chiwongoladzanja cha ngongole ya pafoni, kudzakhala munthu wina woyezedwa amene sali pamsonkhano.

Aphunzitsi a lusoli amakonda kuuza woyamba kumene kuti apange kanthu kakang'ono kothetsa vuto limene akulidziwa. Kwa mwana wa pa esiteti kanthuko kali pafupi: kabuku ka pafoni kamene amayi ake angamalembemo makilogalamu a tsiku lililonse, kowonkhetsa kokha pakutha pa mwezi. Ndi ntchito ya masabata ochepa kwa wophunzira wakhama, yosafuna intaneti, yosafuna chilolezo cha munthu. Kwa zaka zoposa 100 kaundula wakhala mmodzi, ndipo wakhala ku ofesi. Kabuku kameneka kangakhale kaundula wachiwiri, wokhala m'chitenje cha woyezedwa. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act, limene lidayamba kugwira ntchito mu 2024, limapatsanso munthu ufulu wopempha kuona zimene ena adalemba zokhudza iye.

Vuto lidzabuka tsiku limene makaundula awiriwa adzasiyane, foni ya mayi ikuti 40, kompyuta ya ku ofesi ikuti 38. Adzakhulupirira uti? Mwana uja atha kukonza pulogalamu yake kuti izisunga tsiku, ola ndi chithunzi cha sikelo, koma sangalembe mzere wokakamiza ofesi kuvomereza umboniwo. Nkhani ikafika pamenepo imachoka pa laputopu n'kupita patebulo pamene bungwe la ogwira ntchito m'minda la PAWU limakhala ndi Tea Association of Malawi, mbali ziwiri zimene zidasainirana mgwirizano wawo woyamba wa malipiro mu 2016. Patebulo limenelo padzafunika munthu wotha kutsegula pulogalamu ya ku ofesi, kuwerenga mizere yake, n'kufotokozera othyola tiyi m'Chichewa chomveka zimene zimachitikira 12.7 akachoka pa sikelo.